Masamu a pa Doko la Busan

Mfuti sindinaigwirepo.
Dokotala wa asilikali anangoona mwendo wanga waufupiwu
nati, Pyo Man-sik, iwe kagwire cholembera.
Ndiye ndili pano, m'shedi yachisanu ndi chiwiri,
pakati pa fungo la dizilo ndi la nsomba zouma.
Tebulo langa ndi chitseko chakale
chogonekedwa pa migolo iwiri.

Nkhondo imandipeza itavala pepala.
Imabwera m'makope atatu, loyera, lachikasu, lofiirira,
kaboni n'kundidetsa mpaka m'zikhadabo.
Mpunga matumba mazana anayi.
Mabulangete, mabandeji, sopo,
zingwe za nsapato zimene aliyense amaziiwala
kufikira tsiku limene zasowa.
Ndimadinda, ndimasaina, sitima n'kulira
kulowera kumpoto kumene mapiri ayera mbuu ndi chisanu.

Kale ndinkaphunzitsa masamu ku Miryang.
Ndinkauza ana kuti kuchotsera n'kosavuta,
zikakanika umangobwereka kwa mnzake wa kumanzere.
Kuno kulibe wobwereka kwa iye.

Gulu lachitatu linkapempha chakudya cha anthu 612.
Lolemba lapitali fomu yabwera,
dzanja lomwelo, inki yomweyo:
388.
Palibe analembapo chifukwa.
Fomu ilibe mzere wa chifukwa.
Ndinasuntha mikanda ya chowerengera changa kawiri konse
ngati kuti mikandayo ingasinthe maganizo.
Nyuzipepala idzanena mawa, mkuja, mwina osanena n'komwe.
Ine wandiuza kale ndi mpunga wotsala pakona.

Lachisanu nsapato zimabwerera,
zomangidwa ziwiriziwiri, matope ataumira m'mano mwake.
Zina zili ndi dzina mkati mwa lilime.
Fomu imangofunsa: zotheka kukonza, kapena zotaya?
Ndinaleka kupinda malilimewo.

Tsiku lina mnyamata wa ndodo ziwiri
anayang'ana kolala yanga yoyera, nayang'ana mbaula,
nati, inu nkhondo mumaimvera pa wailesi.
Sindinamuyankhe. Sananame konse.
Koma jekete anavalalo ndinalidindira ndine mu Novembala,
usiku umene magetsi anazima
ndikulemba ndi kandulo, zala zitafa dzanzi,
ndikuopa ziro mmodzi kuposa bomba,
pakuti ziro mmodzi akathawa papepala
anthu zikwi amagona osafunda.

Pageti pamakhala mayi Ok-bun,
amaotcha mbatata mumgolo wobooka.
Mwana wawo ali m'gulu lachitatu lomwelo.
Madzulo aliwonse amandisankhira yaikulu,
ndalama amakankhira m'thumba mwanga momwe,
n'kufunsa, akalaliki, kumtundako akudya?
Ndimati, akudya, mayi.
Si bodza. Amene alipo akudya.
Mbatatayo imandiotcha m'manja njira yonse
ndipo ndimafika nayo kunyumba itazizira, yosaluma.
Mkazi wanga waleka kufunsa.
Amangoisenda, n'kugawira ana.

Lero ndi tsiku la masokosi.
Lamulo likuti munthu mmodzi, peyala imodzi.
Sajeni Byeon akusinza pafupi ndi mbaula,
chipewa chitatsikira pamphuno,
ndipo kunja chikepe chikuitana chinzake m'nkhungu.
Ndiyenera kulemba 388.
Ndaviika cholembera, ndadikira dontho ligwe,
ndalemba 612.

Adzandipeze owerengera mabuku nkhondo ikadzatha,
adzati mphunzitsi wa masamu analephera kuchotsera.
Ndidzavomera.
Koma sabata yamawa, paphiri lopanda dzina, la nambala chabe,
wina adzavala masokosi awiri phazi limodzi
osadziwa kuti achiwiriwo anali a yani,
ndipo mwina chala chake chimodzi chidzaona dzinja likutha.

Ndapukuta chidindo. Ndatseka botolo la inki.
Ndazima nyali, ndaima mumdima pang'ono
kuganizira njira ina yotulukira padoko pano
yosadzera pageti, pa utsi wa mbatata.

Palibe.